Phukusi la Moyo Sakusungira ndi Mnzako: Za Mafuta, Madzi ndi Dzuwa

Anthu ambiri a m'midzi akamva kuti mafuta a galimoto asowa m'dziko amayesa kuti nkhaniyo ndi ya eni magalimoto a m'tauni. Koma amene anadikirapo ambulansi usiku wonse, mai woyembekezera ali pamphasa, adziwa kuti kusowa kwa dizilo kumafika ndi m'mudzi momwe mulibe galimoto ngakhale imodzi. Mafuta akasowa mankhwala amachedwa kufika pa chipatala chaching'ono, chigayo chimaima, mtengo wa sopo ndi mchere umakwera, ndipo anamwino amalephera kukafika ku sikelo ya ana ya kutali. Nchifukwa chake nkhani ya kumene dziko limatenga mphamvu zoyendetsera makina ndi zounikira ndi nkhani ya umoyo wa anthu.

Akuluakulu akale anati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Dziko la Malawi linasungitsa gawo lalikulu la phukusi limeneli kwa maiko ena, ndipo gawo lotsala linaliika pa mtsinje umodzi. Tsono yakwana nthawi yakuti phukusilo lisendezedwe pafupi, podalira dzuwa, timitsinje ta m'mapiri ndi mitengo yobzala. Malo oyenera kuyambira ntchito imeneyi ndiwo zipatala za m'midzi.

Ulendo wa Mafuta

Dziko lino lilibe chitsime chotulutsa mafuta ndiponso lilibe doko pa nyanja yamchere. Petulo, dizilo ndi parafini zonse ndi zogula kunja. Sitima zapamadzi zimatsitsa mafutawa pa madoko a Beira ndi Nacala ku Mozambique ndi pa doko la Dar es Salaam ku Tanzania. Kuchokera ku Beira kufika ku Blantyre pamsewu pali mtunda wa makilomita pafupifupi 800, pomwe kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 1,500. Kuti mafuta afike, pafunika zinthu ziwiri: njira yotseguka ndi ndalama zakunja. Eni mafuta salandira makwacha, kotero dziko liyenera kugulitsa fodya, tiyi ndi shuga kuti lipeze madola ogulira.

Mbiri yaonetsa kuti zinthu ziwirizi sizikhala m'manja mwa Amalawi nthawi zonse. Kumapeto kwa 1973 mtengo wa mafuta pa msika wa dziko lonse unayamba kukwera, ndipo m'miyezi yochepa unali utachuluka kanayi. Mu 1979 unakweranso. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique itakula, njanji ya ku Beira ndi ya ku Nacala zinaonongedwa, moti pofika 1984 zonse ziwiri zinali zitatsekeka. Katundu wa dziko lino anayamba kuzungulira mpaka ku Durban ku South Africa, ulendo wotalika kangapo ndi wodula kwambiri. M'zaka za 2011 ndi 2012 njira zinali zotseguka koma madola anasowa, ndipo anthu anagona m'mizere pa malo omwetsera mafuta. Mizere yomweyo inabwereranso mu 2022 ndi m'zaka zotsatira. Mu November 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi magawo 44 pa 100 alionse, ndipo chilichonse chogula kunja chinakwera mtengo. Kumapeto kwa 2024 zipolowe za pambuyo pa chisankho ku Mozambique zinasokoneza magalimoto onyamula mafuta kuchokera ku Beira.

Boma silinakhale manja lende. Kuyambira 1982 fakitale ya ku Dwangwa yakhala ikutcheza ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ndipo ina inatsegulidwa ku Chikwawa mu 2004. Ethanol amasakanizidwa ndi petulo, motero gawo lina la mafuta a m'galimoto limachokera m'munda wa kuno komwe. Bungwe la NOCMA lili ndi nkhokwe za mafuta ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu zotha kusunga malita 60 miliyoni. Zonsezi nzothandiza ndithu. Komabe mlimi aliyense adziwa kuti nkhokwe siidzaza yokha, ndipo nkhokwe ya mafuta imadzazidwa ndi madola omwe aja.

Kudalira Mtsinje Umodzi

Magetsi a dziko lino, kwa zaka zambiri, akhala akuchokera ku madzi. Iyi ndi mphamvu ya pakhomo, yosagula kunja ndi yopanda utsi. Vuto lake nlakuti, kupatula malo ang'onoang'ono monga Wovwe ku Karonga, makina onse aakulu anamangidwa pa mtsinje wa Shire. Nkula anayamba kupereka magetsi mu 1966, Tedzani mu 1973 ndipo Kapichira mu 2000. Shire akadwala, dziko lonse limagona mumdima.

Shire amadwala m'njira ziwiri. Yoyamba ndiyo kuchepa kwa madzi. Mtsinjewu umatuluka m'Nyanja ya Malawi, ndipo nyanja ikatsika nawonso umatsika. Zolembedwa zakale zimaonetsa kuti kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja inaleka kuthira madzi mu Shire. Zotere zitachitikanso, makina onse aja angaime. M'zaka za 2016 ndi 2017 nyanja inatsika kwambiri, magetsi ankazima maola ochuluka tsiku lililonse, ndipo mu 2018 dziko linachita kubwereka majenereta aakulu oyendera dizilo. Kusowa kwa madzi kunabwezera dziko m'manja mwa ogulitsa mafuta.

Njira yachiwiri ndiyo kuchuluka kwa madzi. Mu January 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la ku Kapichira. Mphamvu ya magetsi imayesedwa m'mamegawati, ndipo tsiku limenelo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, kapena gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi a madzi. Panapita nthawi yoposa chaka kuti malowa akonzedwe. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anakokolola zinyalala zambiri zomwe zinaimitsanso makina a pa Shire.

Malo aakulu atsopano a Mpatamanga, amene anasankhidwa kuti aonjezere magetsi, nawonso ali pa Shire pomwepo. Kulumikiza nthambo za dziko lino ndi za ku Mozambique, kuchokera ku Matambo m'chigawo cha Tete kufika ku Phombeya m'boma la Balaka, ndi nzeru yabwino pakuti mnansi amathandiza tsiku la tsoka. Koma magetsi odzera m'nthambo imeneyi ndi ogula, ndipo amafuna ndalama zakunja monga momwe mafuta achitira.

Nkhuni, Matope ndi Chifuwa

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'dziko muno munali anthu oposa 17.5 miliyoni. Anapezanso kuti nyumba 11 zokha pa 100 zilizonse zinkaunikira ndi magetsi, pomwe nyumba zoposa 9 pa 10 zilizonse zinkaphikira nkhuni kapena makala. Izi zitanthauza kuti mphamvu yaikulu ya dziko lino ndi mtengo.

Mtengo ndi mphamvu yodzibwezeretsa yokha pokhapokha ngati obzala achuluka kuposa odula. Phiri likametedwa, mvula imakokolola dothi nkukalithira mumtsinje. Matope amenewa amakwirira madamu a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo pamodzi ndi namasupuni amatseka njira ya madzi opita ku makina. Magetsi akamazimazima, anthu a m'tauni amagula makala ochuluka, ndipo mitengo ina imagwa. Choncho nkhwangwa ya ku Neno kapena ku Balaka imatha kuzimitsa nyale m'chipinda chochilira amai ku Mzimba.

Utsi nawo uli ndi mlandu wake. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni anafa ndi matenda odza kaamba ka utsi wa m'nyumba, ndipo oposa 237,000 mwa iwo anali ana osakwana zaka zisanu. Mwana wa kumbuyo amapuma utsi womwe mai wake akupuma. Chitetezo mbaula imapulumutsa nkhuni, ndipo banja lililonse liyenera kukhala nayo. Komabe kafukufuku amene anachitika ku Chikwawa ndi ku Chilumba, yemwe zotsatira zake zinatuluka kumapeto kwa 2016, anapeza kuti mbaula zamakono pazokha sizinachepetse chibayo mwa ana. Kotero mbaula yabwino iyenera kuyendera limodzi ndi khitchini ya mazenera, nkhuni zouma bwino, ndi kukhazika mwana kutali ndi moto.

Dzuwa Lilibe Doko

Dzuwa silidutsa pa Beira kapena pa chipata cha Songwe, ndipo palibe nkhondo ingalitsekere njira. Limaomba kwambiri m'miyezi ya September, October ndi November, nthawi yomwe mitsinje imakhala itatsika. Chaka cha chilala, pamene Shire wafooka, ndicho chaka chimene dzuwa limachuluka. Motero dzuwa ndi madzi ndi mphamvu ziwiri zolandizana ntchito.

Kale zipangizo za sola zinali za anthu olemera. Koma pakati pa 2010 ndi 2020 mtengo wa mapanelo pa dziko lonse unatsika ndi magawo pafupifupi 90 pa 100 alionse. Dziko lino linayambapo kale kupindula. Malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 anatsegulidwa ku Salima mu 2021. A ku Golomoti m'boma la Dedza, a mamegawati 20 ndiponso okhala ndi mabatire aakulu osungira mphamvu, anatsatira mu 2022, ndipo a ku Nkhotakota a mamegawati 21 anayamba mu 2023. Malo atatuwa pamodzi amapitirira mamegawati 100 dzuwa likaomba bwino.

Koma magetsi a ku Salima amafika kokha kumene nthambo zinafika. Ntchito yopereka magetsi kumidzi ya MAREP inayamba mu 1980, ndipo patapita zaka zonsezi midzi yambiri ikadali kutali ndi mapolo. Ubwino wina wa mphamvu zapakhomo ndi wakuti sizidikira nthambo yochokera kutali. Ku Bondo m'boma la Mulanje anthu anapatutsa madzi a mtsinje wa Lichenya nkupukusa makina ang'onoang'ono, ndipo magetsi anafika pa chipatala, pa sukulu ndi m'nyumba. Ku Sitolo m'boma la Mchinji mudzi unalandira magetsi akeake ochokera ku dzuwa. Zitsanzo zimenezi zaonetsa kuti mudzi utha kuwala usanalumikizidwe ndi Nkula.

Chifukwa Choyambira pa Chipatala

Mu 2023 bungwe la WHO pamodzi ndi mabungwe anzake linalengeza kuti anthu pafupifupi 1 biliyoni m'maiko osauka amathandizidwa m'zipatala zopanda magetsi kapena za magetsi osadalirika. Pa chipatala mdima umapha msanga kuposa pena paliponse.

Katemera ambiri afunika kusungidwa pa kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Katemera wa chikuku ndi wa poliyo amaonongeka ndi kutentha, ndipo akaonongeka sabwereranso mwakale ngakhale amuziziritsenso. Kale mafiriji ambiri a m'midzi ankayendera parafini kapena gasi, kotero galimoto ikachedwa kubweretsa mafuta firiji inkazima. Masiku ano kuli mafiriji a dzuwa osafuna batire. Masana amaumitsa madzi m'kati mwa zipupa zake, ndipo madzi oundanawo amasunga kuzizira usiku wonse ndi masiku ena a mitambo.

Jekeseni yoletsa kutaya magazi mai akangochira nayonso imafuna pozizira. Makina opatsa mpweya wabwino kwa mwana wodwala chibayo amayendera magetsi, ndipo akazima kwa maola ochepa mwanayo amakhala pangozi. Namwino wosoka chilonda usiku afunika manja ake onse awiri, osati dzanja limodzi litagwira tochi. Madzi aukhondo nawo amafuna pampu, ndipo mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unaphunzitsa anthu kufunika kwa madzi otetezedwa pa chipatala.

Mphamvu zonsezi pa chipatala chaching'ono nzochepa poyerekeza ndi zofunika pa fakitale. Mapanelo okwanira pa denga limodzi atha kuteteza midzi yambiri yozungulira. Ndi malo ochepa m'dziko momwe ndalama zochepa chotere zingagule chitetezo chachikulu chotere.

Mau a Okayika

Alipo ena amene amakayika, ndipo mau ao ngofunika kuwamva. Ena amati mapanelo ndi mabatire nazonso nzogula kunja, tsono kusiyana kwake nkotani? Nzoona kuti zipangizozi zimafuna madola. Kusiyana kwake kuli ngati kwa munthu wogula ufa tsiku lililonse ndi munthu wogula khasu. Dizilo wothiridwa m'jenereta lero wapsa lero lomwe, ndipo mawa afunika wina. Panelo labwino limagwira ntchito zaka zoposa 20. Doko likatsekeka mwezi wathunthu, jenereta imaima koma panelo limapitiriza.

Ena amati dzuwa siliomba usiku, ndipo m'miyezi ya chiperoni limabisala. Izinso nzoona, ndipo nchifukwa chake palibe wanzeru anganene kuti dziko lisiye madzi nkudalira dzuwa lokha. Cholakwika chakale chinali kudalira chinthu chimodzi, ndipo sichiyenera kubwerezedwa ndi dzina latsopano.

Enanso amati ambulansi ndi malole sizingayende ndi dzuwa. Kwa zaka zikubwerazi magalimoto ambiri adzafunabe dizilo. Koma mfundo imeneyi ikulimbikitsa sola m'malo moifooketsa. Lita iliyonse ya dizilo yosapsa m'jenereta ndi lita yotsalira ambulansi. Mafuta ochepa amene dziko lingathe kugula ayenera kusungidwira ntchito zomwe dzuwa silingagwire.

Dandaulo lalikulu koposa ndi la mapanelo akufa. M'madera ambiri muli zipatala ndi sukulu zomwe zili ndi mapanelo pa denga koma m'kati muli mdima. Kawirikawiri panelolo limakhala lamoyo, chimene chinafa ndi batire, pakuti batire imatha m'zaka zochepa. Opereka thandizo anaika zipangizo nkupita, ndipo panalibe amene anasunga ndalama zogulira batire ina kapena mmisiri wodziwa kukonza. Kwina zipangizo zinabedwa, kwina zinali zachinyengo chigulire. Dziko lodikira mlendo kuti adzakonze sola yake likadali lodalira kunja ngati lija lodikira sitima ya mafuta.

Udindo wa Boma ndi wa Mudzi

Mankhwala a vuto limeneli ngodziwika. Poika sola pa chipatala, ofesi ya zaumoyo ya pa boma iyenera kupatula ndalama za chaka ndi chaka zokonzera ndi zogulira mabatire, monga momwe imapatulira za mafuta a ambulansi. Sukulu za ntchito zamanja ziphunzitse anyamata ndi atsikana ambiri umisiri wa sola, kuti wokonza azipezeka pa boma pomwepo. Mabungwe a MERA ndi Malawi Bureau of Standards alimbikire kutsekereza zipangizo zachinyengo zisanafike m'misika.

Anthu a m'midzi nawo ali ndi gawo lao, pakuti mutu umodzi susenza denga. Fumbi likaunjikana pa panelo mphamvu imachepa, kotero lifunika kupukutidwa ndi madzi oyera ndi nsalu yofewa, m'mawa dzuwa lisanatenthe. Nthambi zochititsa mthunzi pa denga zisadzidwe. Magetsi a firiji ya katemera asasanduke otchajira mafoni a mudzi wonse, ndipo m'firijimo musaikidwe zakumwa kapena ndiwo. Mafumu ndi makomiti a pa chipatala aonetsetse kuti wakuba panelo aweruzidwe monga wakuba mankhwala, ndipo wogula panelo lakuba adziwe kuti wagula mdima wa mkazi wake ndi mwana wake yemwe.

Pakhomo, banja lotha kugula nyale yaing'ono ya sola lichite bwino kuigula m'malo mwa mabatire a tochi a mwezi ndi mwezi, amenenso ndi ogula kunja. Nyale yotere imachotsa koloboyi ndi kandulo, zomwe zatentha nyumba zambiri zaudzu. Kumene parafini akugwiritsidwabe ntchito, asasungidwe m'botolo la zakumwa, pakuti ana amamuyesa madzi. Mwana akamwa parafini asamusanzitse, koma athamangire naye ku chipatala. Batire yaikulu ikatha isaphwanyidwe pakhomo ndiponso isatayidwe pafupi ndi chitsime, chifukwa m'kati mwake muli asidi wotentha khungu ndi mtovu woononga ubongo wa ana. Ibwezedwe kwa ogulitsa kapena kwa mmisiri. Ndipo banja lililonse lodula mtengo libzale ina nyengo ya mvula ikafika, makamaka m'mphepete mwa mitsinje.

Mtengo wa mafuta udzakwerabe ndi kutsika monga mwa zochitika za m'maiko akutali, ndipo munthu wa ku Nthalire kapena ku Makhanga alibe mau pa zimenezo. Koma pa denga la chipatala cha kwao ali nawo mau. Pa msonkhano wotsatira wa komiti ya chipatala, anthu ayenera kufunsa ngati firiji ya katemera ikugwira ntchito, ngati m'chipinda chochilira muli nyale yodalirika usiku, ndiponso amene adzagule batire ina imene ilipoyo ikadzatha. Kumene mayankho akusowa, amfumu ndi alangizi a zaumoyo akatule nkhaniyi kwa khansala ndi ku ofesi ya zaumoyo ya pa boma, mvula isanagwe ndi kudula misewu.